Nanga Mvula Itakana Zaka Zitatu? Mmene Timafunsira Kompyuta za Madzi a Mawa

Pakati pa 1915 ndi 1935, mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanja ya Malawi. Madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka njira, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 kumtunda kwa Shire kunangotsala madambo ndi maiwe. Nthawi imeneyo kunalibe makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani kapena ku Kapichira. Mzinda wa Blantyre sunkapopa madzi ku Walker's Ferry, ndipo ku Nchalo kunalibe minda ya nzimbe. Lero zonsezi zatsamira pa mtsinje umodzi womwewo.

Nanga zitachitikanso? Palibe amene angatseke Shire kwa chaka chimodzi kuti tione chomwe chingachitike. Palibenso amene angamange damu la mabiliyoni n'cholinga chongoyesa ngati lidzadzaze. Choncho anthu a ntchito yowerengera madzi, omwe ine ndili m'gulu lawo, timapanga mtsinje wina mu kompyuta. Umenewu ndiye timauphwetsa, kuusefutsa, kuumangira madamu ndi kuuchulukitsira anthu, kenako n'kuona amene wasowa madzi.

Ntchitoyi imaoneka ngati ya akatswiri okhaokha, koma zomwe zimatuluka mmenemo zimafika mpaka pa mpopi wa kwanu. Zimakhudza ola lomwe mlongo wanu adzadzuke kukaima pamzere wa pa kiyosiki, ndiponso ngati foni yanu idzakhale ndi moto. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuonetseni mmene zimayendera.

Si ulosi, ndi funso

Mawu omwe timagwiritsa ntchito ndi akuti scenario. M'Chichewa chathu ndi funso lija timafunsana tsiku ndi tsiku: "Nanga zitati zatere?" Mayi amene ali ndi matumba asanu a chimanga mu Meyi amafunsa funso lomweli. Tikamadya mmene tikudyeramu, chifika Febuluwale? Nanga kutabwera ana awiri a malemu achimwene? Nanga titagulitsa thumba limodzi kuti tilipire fizi? Mayiyu sakulosera. Sakudziwa ngati anawo abweradi. Akungofuna kudziwiratu kuti akabwera, nkhokwe idzatha mwezi uti.

Kompyuta imachita chimodzimodzi, kungoti nkhokwe yake ndi mtsinje, damu, nyanja ndi madzi a pansi pa nthaka. Munthu akakuuzani kuti "kompyuta yanena kuti mu 2040 madzi adzatha", dziwani kuti wadumpha theka la chiganizo. Kompyuta inanena kuti: ngati anthu achuluka chonchi, ngati mvula igwa chonchi, ngati palibe chomwe chamangidwa, madzi adzaperewera. Ma "ngati" onsewo anaikamo ndi munthu.

Pulogalamu yake

Mapulogalamu a ntchitoyi alipo angapo. SWAT imathandiza kuona mmene mvula imasandukira madzi a mumtsinje. EPANET imaona za madzi oyenda m'mapaipi. Koma pa nkhani yogawa madzi pakati pa anthu ambiri olimbirana gwero limodzi, yomwe ndimagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi WEAP. Inayamba mu 1988 ndipo imasamalidwa ndi bungwe la Stockholm Environment Institute. Imodzi mwa ntchito zake zoyambirira inali pa nyanja ya Aral ku Central Asia, nyanja yaikulu yomwe inaphwa chifukwa mitsinje yake iwiri inapatutsidwira ku minda ya thonje.

Mukaitsegula mumapeza mapu. Pamapupo mumajambula mtsinje ndi mzere, kuchokera kumtunda kupita kumunsi. Kenako mumaika timadontho tofiira, tomwe tikuimira aliyense wofuna madzi: tauni, sikimu ya mthirira, fakitale. Mumaika damu pomwe pali damu, n'kulumikiza wofuna madzi aliyense ku gwero lake ndi kamzere. Pali mzere winanso wosonyeza madzi obwerera kumtsinje akatha ntchito, chifukwa madzi omwe tauni yachapira ndi kusambira ndi omwewo amene a kumunsi amatunga.

Lamulo la mkati mwake ndi losavuta, ngati la ku banki mkhonde: zolowa, kuchotsa zotuluka, zotsala ziyenera kuoneka. Mwezi uliwonse pulogalamuyi imawerengera madzi omwe alowa, omwe atengedwa, omwe auma ndi dzuwa ndi omwe atsala, mpaka kumapeto kwa zaka zomwe mwaiuza.

Yambani ndi chaka chomwe mukuchidziwa

Musanafunse za mawa, muyenera kufotokoza za lero moona. Mu WEAP gawo loyambali limatchedwa Current Accounts. Mumasankha chaka chimodzi chomwe muli ndi manambala ake okwanira, n'kulemba zonse mmene zinalili: anthu analipo angati, aliyense ankagwiritsa ntchito malita angati patsiku, mahekitala angati ankathiriridwa, mumtsinje munkadutsa madzi ochuluka bwanji mwezi ndi mwezi.

Pano pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba ndi kalendala. Chaka cha madzi kuno kwathu chimayamba mu Novembala, pomwe mvula imayamba, n'kutha mu Okutobala. Mukayambira mu Januwale mwadula dzinja pakati, ndipo mvula ya nyengo imodzi igwera m'zaka ziwiri. Chachiwiri ndi chaka chomwe mwasankhacho. Mukatenga chaka cha madzi osefukira ngati cha namondwe Freddy mu 2023 n'kuchiyesa chaka wamba, tsogolo lanu lonse lidzaoneka la mwanaalirenji. Mukatenga cha ng'amba ngati 2016, lidzaoneka la chipululu.

Mukamaliza kulemba, mumayesa ngati mtsinje wa mu kompyuta ukufanana ndi weniweni. M'mitsinje yathu yambiri muli timitengo ta manambala tozikidwa m'mbali mwa madzi, ndipo pamakhala munthu wa m'mudzi momwemo amene amawerenga mlingo wa madzi n'kulemba m'kabuku. Manambala a anthu amenewa, omwe mayina awo simudzawamva pa wailesi, ndiwo muyeso wathu. Kompyuta ikati mu Seputembala munadutsa madzi ambiri pomwe kabuku kakuti mtsinje unali pafupi kuuma, wolakwa si kabuku. Mumabwerera kukakonza mpaka ziwirizo zitayandikana. Nyumba ya maziko okhota siwongoka ndi malata atsopano.

Zinthu zikangopitirira mmene zilili

Scenario yoyamba imatchedwa Reference. Funso lake ndi lakuti: titangokhala manja lende, osamanga chilichonse, osasintha lamulo lililonse, tidzafika pati? Ambiri amaipeputsa chifukwa ilibe chatsopano, koma ndiyo sikelo yoyezera zina zonse.

Ngakhale tikhale chete, anthu sasiya kubadwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pachaka. Pa liwiro limeneli anthu amawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24. Mzinda wa Lilongwe wokha unali ndi anthu pafupifupi 990,000.

Tiyeni tiyerekeze ndi tauni yongopeka ya anthu 100,000, aliyense akugwiritsa ntchito malita 60 patsiku, omwe ndi zigubu zitatu za malita 20. Tauniyi ikufuna malita 6 miliyoni tsiku lililonse. Mukauza kompyuta kuti anthu azikwera ndi 2 peresenti pachaka, pakatha zaka 20 adzakhala pafupifupi 149,000. Mukati 3 peresenti, adzakhala 181,000. Mukati 4 peresenti, chifukwa achinyamata akuchoka kumudzi kudzasaka maganyu m'tauni, adzakhala 219,000. Mwaona? Kanambala kamodzi kokha, kolembedwa m'kabokosi kakang'ono, kabweretsa kusiyana kwa anthu 70,000. Amenewo ndi malita oposa 4 miliyoni patsiku.

Pachifukwa ichi manambala otere sitiwamwaza paliponse. Timawaika pamalo amodzi otchedwa Key Assumptions, kuti aliyense wotsegula aone zomwe tayerekeza, ndiponso kuti posintha tisinthe malo amodzi basi. Ine ndimalembanso pambali pa nambala iliyonse komwe ndaitenga. Pakatha chaka, ngakhale mwini wake amaiwala.

Sinthani chinthu chimodzi

Ma scenario amakhala ngati banja. Reference ndiye kholo. Mukapanga yatsopano, imatengera zonse kwa khololo, kupatula chokhacho chomwe mwasintha. Mwanayo akhozanso kukhala ndi ana ake. Ubwino wake ndi woti mukapeza kuti chiwerengero cha anthu chinalembedwa molakwika, mumakonza kwa kholo ndipo ana onse amalandira kukonzako.

Lamulo lomwe ndimaumirira kwa aliyense amene ndikumuphunzitsa ndi ili: mwana mmodzi, kusintha kumodzi. Mukasintha mvula, chiwerengero cha anthu ndi kukula kwa damu nthawi imodzi, zotsatira zidzasintha ndithu, koma simudzadziwa chomwe chazisintha. Zili ngati wodwala amene wamwa mankhwala a kuchipatala, a kwa asing'anga ndi a mnzake wa pa WhatsApp tsiku limodzi. Akachira athokoza ndani?

Tibwerere ku tauni yathu ija. Mwana woyamba akhale wokonza mapaipi. Kwa zaka zambiri, m'mizinda yathu ikuluikulu, gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi opopedwa kapena kuposerapo lakhala likusowa m'njira: mapaipi ophulika, mamita owonongeka, olumikiza mwakuba. Tauni yathu ikamataya 35 peresenti, iyenera kupopa malita 9.2 miliyoni kuti 6 miliyoni afike kwa anthu. Kutayikako kukatsika kufika pa 25 peresenti, ikufunika kupopa 8 miliyoni okha. Malita 1.2 miliyoni apulumuka tsiku lililonse, okwanira anthu ena pafupifupi 15,000 tikachotsa omwe azitayikabe m'njira, popanda kumanga damu ngakhale limodzi.

Mwana wachiwiri akhale wa mthirira. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mbewu ikamafuna mamilimita 5 patsiku m'nyengo yotentha, hekitala imodzi imamwa malita 50,000. Sikimu ya mahekitala 100 imamwa malita 5 miliyoni, ndipo ngati theka la madzi limathera m'ngalande lisanafike ku mizu, iyenera kupatutsa 10 miliyoni. Kasikimu komwe mungakazungulire wapansi musanatope kakutenga madzi oposa a tauni yonse ya anthu 100,000. Anthu ambiri akaona nambala iyi koyamba amayamba akhala kaye chete.

Mwana wachitatu akhale wa damu latsopano kapena lokwezedwa, wachinayi wa kudula mitengo kumtunda. Mukaona mphamvu ya aliyense payekha, m'pamene mumayamba kuwaphatikiza: kukonza mapaipi pamodzi ndi mthirira, damu pamodzi ndi chilala. Ndipo apatseni mayina omveka. "Scenario 7 final yatsopano" siuza munthu kanthu. "Mthirira mahekitala 100, mapaipi osakonza" ikunena yokha.

Mafunso amenewa si ongopeka. Lilongwe imamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, wochokera m'nkhalango ya Dzalanyama, osungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Nkhani zokweza damu, zomanga lina pa Diamphwe, kapena zokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima, iliyonse ndi scenario yomwe wina anayenera kuiyerekeza ndi inzake. Ku chigwa cha Shire, ngalande yaikulu ya mthirira yoyambira pa Kapichira yakonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Madzi olowa m'ngalandeyo ndi omwewo akanadutsa m'makina a magetsi pa Kapichira. Mu Febuluwale palibe mkangano. Mkangano uli mu Okutobala.

Kuika chilala mu kompyuta

Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Dongosolo la madzi nalonso silidziwika m'chaka cha mvula yabwino. Choncho gawo lomwe ndimathera nthawi yambiri ndi la nyengo.

Njira yosavuta mu WEAP imatchedwa Water Year Method. Mumagawa zaka m'mitundu isanu: chouma kwambiri, chouma, chapakati, chonyowa ndi chonyowa kwambiri. Mumauza kompyuta kuti chaka chouma kwambiri chimabweretsa, mwachitsanzo, magawo asanu ndi awiri mwa khumi a madzi a chaka chapakati. Kenako mumandandalika zakazo mmene mukufunira. Njira ina ndi yotenga manambala enieni a mvula ndi mitsinje a zaka zakale n'kuwabwereza kutsogolo, kuti muone mmene anthu a 2040 angapiririre chilala chonga cha 1992.

Chinsinsi chagona pa kandandalikidwe. Zaka zitatu zouma zomwazikana m'zaka 20 sizifanana ndi zaka zitatu zouma zotsatizana. Damu limapirira chaka chimodzi chifukwa lili ndi za chaka chatha. Chachiwiri limayamba ndi theka. Chachitatu limayamba ndi matope. Amene akufuna kuti pulojekiti yake ioneke yabwino amamwaza zaka zoumazo, ndipo palibe bodza lomwe wanena. Wangosankha funso lofewa.

Nyanja ya Malawi imatiphunzitsa bwino za kudekha kumeneku. Ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,600, moti sentimita imodzi yokha ya kuya kwake ndi madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Madzi ambiri otuluka m'nyanjayi sadutsa mu Shire ayi, amauma ndi dzuwa ndi mphepo. Ndiye kutentha kukakwera pang'ono, kapena mvula ikachepa zaka zingapo m'mapiri a kumpoto ndi a ku Tanzania komwe mitsinje ngati Songwe ndi Ruhuhu imachokera, Shire ndi amene amamva kuwawa, ndipo amamva mochedwa. Ambirife tikukumbukira kuzimazima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017, nyanja itatsika. Tikukumbukiranso 2024, pomwe nyanja yomweyo inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, chaka chomwecho boma litalengeza za ngozi ya ng'amba m'maboma 23 mwa 28. Minda ikuuma, nyanja ikusefukira. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, zili pakati pa zonsezi: mukatsegula kwambiri mwamiza a kumunsi ndipo mwawononga nkhokwe ya chaka chamawa, mukatseka kwambiri mwamiza a m'mbali mwa nyanja. Scenario yoganizira chilala chokha, osaganizira madzi ochuluka, yaona ndi diso limodzi.

Kuchokera pa 1 mpaka 99

Tsopano tafika pa kabokosi komwe ine ndimakaona kuti n'kofunika kuposa tonse. Wofuna madzi aliyense mu WEAP amapatsidwa nambala, kuyambira 1 mpaka 99. Wa nambala 1 amamwa koyamba mpaka kukhuta. Zotsala zimapita kwa wa nambala 2, kenako 3, mpaka madzi atatha. Awiri akakhala ndi nambala yofanana amagawana kuperewerako mofanana. Damu nalo lili ndi nambala yake yodzazira, ndipo nthawi zambiri limayamba lili pa 99, kutanthauza kuti limasunga zotsala zokha.

M'chaka cha mvula yabwino manambalawa alibe ntchito, aliyense amakhuta. M'chaka chouma ndiwo amagamula mlandu. Tauni ikhale 1, magetsi 2, mthirira 3? Nanga mthirira wa kampani yaikulu ndi wa alimi a m'sikimu akhale pa nambala imodzi? Nanga mtsinje weniweniwo? Pulogalamuyi imalola kuika mlingo wa madzi oyenera kutsala mumtsinje zivute zitani. Mukauika pa nambala 90, mwanena kuti dambo la Elephant Marsh, asodzi ake, ng'ombe zomwe zimamwa mmenemo ndi madimba a m'mbali mwake adzalandira pokhapokha ena onse atakhuta.

Funso limeneli si la masamu. Palibe digiri yomwe imapatsa munthu ufulu wosankha yekha kuti mlimi wa ku Nsanje abwere pambuyo pa fakitale ya ku Blantyre. Dziko lili ndi lamulo la za madzi la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority lopereka zilolezo zotunga madzi ambiri, ndipo manambala a mu kompyuta ayenera kutsatira lamulo ndi zomwe anthu agwirizana. Chomwe wa pa kompyuta angachite ndi kupanga ma scenario awiri kapena atatu osiyana manambalawa okha, n'kuwaika patebulo kuti eni ake aone mtengo wa chisankho chilichonse. Koma akangosiya manambala omwe anabwera ndi pulogalamu osawaganizira, wasankhabe. Kungoti wasankha m'tulo.

Amene sanajambulidwe pamapu

Kompyuta imagawira madzi okhawo amene ajambulidwa. Bungwe logulitsa madzi lili ndi mamita ndi malipoti, choncho kadontho kake kamalowa mosavuta. Esiteti ili ndi chilolezo cholembedwa. Koma mayi wothirira tomato ndi kheni m'dimba alibe mita. Anyamata oumba njerwa m'mbali mwa mtsinje, otsuka galimoto, azimayi ochapa pamwala, ng'ombe za m'mudzi, onsewa salembedwa paliponse. Mmodzimmodzi amatenga pang'ono, koma akakhala masauzande, makamaka masiku ano pomwe mapampu a sola afika m'madimba ambiri, amatha kutsitsa mtsinje.

Mukawasiya kunja mwalakwitsa kawiri. Mwanamiza a kumunsi kuti madzi alipo ambiri pomwe ena atengedwa kale. Ndipo pa tsiku la chilala, zotsatira zidzati palibe amene wavutika m'dera limenelo, chifukwa munthu amene kulibe savutika. Mankhwala ake si a pa kompyuta. Ndi kuvala nsapato, kuyenda m'mbali mwa mtsinje, kukhala pansi ndi amfumu ndi makomiti a madzi, n'kufunsa kuti mtsinjewu umauma mwezi uti ndipo ukauma anthu amalowera kuti. Agogo amene akukumbukira kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 ali ndi manambala omwe si ofesi iliyonse ili nawo.

Powerenga zotsatira

Mukadina batani, kompyuta imatulutsa magirafu ambirimbiri. Awiri ndiwo ndimayamba nawo: kuchuluka kwa madzi omwe anafunidwa koma sanapezeke, ndi peresenti ya zofuna za aliyense yomwe yakwaniritsidwa.

Chenjerani ndi avereji ya pachaka. Lipoti likhoza kunena kuti tauni idzalandira 92 peresenti ya madzi omwe ikufuna, inu n'kuwomba m'manja. Koma mukatsegula mwezi ndi mwezi mupeza kuti miyezi khumi inalandira zonse, pomwe Okutobala ndi Novembala inalandira theka lokha. Munthu samwa avereji. Theka limenelo ndi mipopi youma miyezi iwiri yotentha kwambiri, anthu akutunga m'zitsime zosatetezeka mvula yoyamba ili pafupi, nthawi yomwe kolera amakonda. Ndipo kuperewera kukafika m'tauni sikugawidwa mofanana: wa thanki pamwamba pa nyumba sadziwa n'komwe, wa kumtunda kumapeto kwa paipi ndiye amagona ndi ludzu.

Chinanso, musasake scenario yopambana m'tsogolo limodzi. Sakani chisankho chomwe chikupirira m'matsogolo ambiri. Damu lalikulu likhoza kuwala m'zaka za mvula n'kukhala chigwembe cha ngongole m'zaka zouma. Kukonza mapaipi ndi kuteteza nkhalango za kumtunda sikukhala ndi mwambo wodula riboni, koma kawirikawiri kumathandiza kaya mvula igwe kaya ikane. Abale athu okhala ku Cape Town anaziona mu 2018, mzinda utatsala pang'ono kutseka mipopi pambuyo pa zaka zitatu zouma zotsatizana. Munthu aliyense anauzidwa kuti asapyole malita 50 patsiku, ndipo kuchepetsa kagwiritsidwe ntchito ka madzi kunathandiza kwambiri kuti tsiku loopsalo lisafike.

Nanga inu mulowa pati?

Ngati masamu ndi mapu zimakusangalatsani, khomo ndi lotsegula. WEAP siyenda pa foni, imafuna kompyuta ya Windows, koma laputopu wamba ikwanira. Ophunzira, mabungwe a boma ndi mabungwe osapanga phindu a m'mayiko osauka amatha kupempha chilolezo chaulere, ndipo pulogalamuyi ili ndi maphunziro ake oyambira pa mtsinje wongoyerekeza. Manambala a mvula a CHIRPS, oyambira mu 1981, amapezeka ulere pa intaneti. Yambani ndi kamtsinje ka kwanu, kamene mukudziwa pomwe anthu amatunga ndi mwezi womwe kamauma. Jambulani ofuna madzi atatu okha, pangani Reference, kenako mwana mmodzi. Mudzaphunzira zambiri pa kamtsinje komwe munasambamo kusiyana ndi pa Zambezi yense.

Koma ngakhale musadzatsegule pulogalamuyi moyo wanu wonse, muli ndi gawo. Tsiku lina kudera kwanu kudzabwera anthu ndi magirafu okongola, kudzafotokoza za damu, sikimu kapena fakitale. Malamulo a zachilengedwe amafuna kuti pa ntchito zikuluzikulu anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Pitani ku msonkhanowo, ndipo mukapatsidwa mpata funsani mwaulemu mafunso anayi. Mwayerekeza kuti anthu adzachuluka bwanji? Chilala chachitali chomwe mwayesa ndi cha zaka zingati zotsatizana? Madzi akachepa, woyamba kulandira ndani ndipo womaliza ndani? Nanga madimba athu ndi ziweto zathu zili pamapu anuwo?

Katswiri amene wagwira ntchito yake bwino adzasangalala ndi mafunso amenewa, chifukwa mayankho ake ali nawo m'laputopu, ndipo ena mwa iwo wakhala akufuna wina atawafunsa pagulu. Akakuyankhani kuti "kompyuta ndi yomwe yanena", mufunseninso modekha kuti anaifunsa chiyani.